Kalata yochokera ku Babu, kwawo kwa Chibendi

Akonzi,

Ndikulemba ndili kwathu kuno ku Babu, boma la mumzinda wa Hezhou, kum'mawa kwa chigawo cha Guangxi ku China, pafupi ndi malire a Hunan ndi Guangdong. Mutafika pamsika pathu m'mamawa, makutu anu angadabwe. Mayi wogulitsa njere zofiira za mavwende za ku Xindu amatchula mtengo m'Chihakka, wogula n'kumanenerera m'chiyankhulo chathu cha Chibendi, malonda n'kutheka popanda womasulira.

Dzina loti Bendi limatanthauza "wakuno". Makolo athu ankadzitchula choncho posiyanitsa ndi anthu amene anabwera pambuyo pawo, monga Ahakka, omwe dzina lawo limatanthauza "mabanja a alendo". Akatswiri ambiri amati chiyankhulo chathu ndi cha m'banja la Yue, pachibale ndi Chikantoni, komabe munthu wa ku Guangzhou amavutika kutimva tikayamba kucheza patokha.

Chimene chandilembetsa ndi mdzukulu wanga. Makolo ake, ngati achinyamata ambiri a kuno, ali kuntchito ku Guangdong. Chiyambireni sitima yothamanga ya pakati pa Guiyang ndi Guangzhou mu 2014, ulendowo unafupika, ndipo midzi yatsala ndi nkhalamba ndi ana. Mwanayu ndikulera ndine. Ndikamuitana m'Chibendi kuti adzadye, amabwera, kusonyeza kuti wamva. Koma akatsegula pakamwa, chimatuluka ndi Putonghua, chiyankhulo cha kusukulu ndi pa foni. Sindimuimba mlandu, chifukwa mayeso ndi ntchito zili m'chiyankhulo chimenecho. Mtima wokha ndiwo umandipweteka.

Mu 2016 yunivesite ya Hezhou inatsegula nyumba yosungiramo ziyankhulo za dera lino. Ndinapita kumeneko ndi mdzukulu wangayo. Tinamvera mawu ojambulidwa a munthu wachikulire akuyankhula ndendende ngati malemu mayi anga, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga. Amene anagwira ntchitoyo ndimawathokoza kwambiri. Koma ndinatuluka ndi mantha poona kuti chiyankhulo chomwe ndimalota nacho chayamba kale kusungidwa ngati mbiya yamakedzana.

Tili m'basi pobwerera, mwanayo anandifunsa dzina la mtsinje wa He m'chiyankhulo chathu. Ndinamuuza, iye n'kubwereza katatu, mawu akukwera pamene ayenera kutsika. Kachinayi anakhoza. Tsopano madzulo aliwonse tikamasenda ndiwo pakhonde, ndimamupatsa mawu awiri kapena atatu, ndipo dzulo anawalonjera agogo a nyumba yoyandikana nafe m'Chibendi, osachita kumuuza.

Ine wanu,
Wokhala ku Babu