Nyumba ya phee imafuna thabwa louma

Makasitomala ambiri masiku ano akumafika pa shopu yanga foni ili m'manja. Amandionetsa zithunzi za pa Facebook: pabalaza pali mpando umodzi wautali, katebulo ka thabwa, makoma a mtundu wa mchenga, basi. "Amisiri, tikufuna zoterezi, m'nyumba muzipita mpweya." Ine mtima umakhala m'malo, chifukwa ntchito imene ndinaphunzira ndi yomweyi. Koma ndikangotchula mtengo, nkhope zimagwa. "Aaa, m'mbali mwa msewu umu tebulo lotere n'theka la ndalama mwanenazo."

N'thekadi. Koma kaligwireni. Ndi paini wauwisi wocheka mwezi womwe uno, angokhoma misomali, mabowo amata utuchi wosakaniza ndi guluu, kenako athira vanishi wofiira kuti muziti ndi mbawa. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, thabwa limang'aluka pakati. Mvula ya Januwale ikabwera, madirowa amakana kutseguka. M'nyumba yodzaza ndi madisipule, maluwa apulasitiki ndi tinsalu toyala pamipando, zoterezi zimabisala. M'nyumba ya katundu wochepa mulibe pobisala, mlendo aliyense maso ake amafikira pa tebulo lomwelo.

Kucheka ndi kulumikiza sindinenapo, aliyense wogwira sowo amadziwa. Ntchito yagona pa kuumitsa. Madala amene anandiphunzitsa ku Mchesi, ku Lilongwe, anachita sukulu yawo ya ukalipentala ku Namitete, ndipo pulena sankalola kuti ndiigwire ndisanadziwe kusanja matabwa. Timawayala pamthunzi, pansi titakweza ndi njerwa, pakati pa thabwa ndi linzake tikuika timitengo tofanana kuti mphepo izidutsa. Kunsonga timapaka penti, chifukwa madzi amathawira msanga kumeneko ndipo mng'alu umayambira komweko. Lamulo lawo linali lakuti thabwa lochindikala inchi imodzi lidikire chaka. Akafuna kuliyesa ankaligogoda ndi chala n'kutchera khutu, kenako n'kuligunditsa patsaya. "Mphwanga, ili likuzizirabe, lili ndi madzi. Bweza." Tsiku lina bambo wina anabwera ndi ndalama zonse m'manja, akufuna bedi la ukwati wa mwana wake. Madala anayang'ana mulu wa mbawa, anapukusa mutu, n'kumulozera kwa anzawo. Madzulo ake tinadyera nsima masamba otendera okha, koma iwo sanadandaule ngakhale pang'ono. Ankalankhula pang'ono, ndipo akakondwera ndi ntchito yako ankangosisita thabwalo ndi chikhatho n'kuchokapo.

Mtengo wa pamtima panga ndi mlombwa. Ukaudula umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, koma ukauma mtima wake umakhala wofiirira mokoma, mwina n'timizere tagolide. Sufufuma kapena kunyala kwambiri nyengo ikasintha, chiswenso chimaulemekeza. Mbali yoyera ya kukhungwa ija ndimachotsa, imafumbwa. Ena amaisiya n'kuidetsa ndi utoto, wogula osadziwa. Mlombwa ndi mbawa zikusowa tsopano, ndipo ine sindigula popanda chikalata cha a zankhalango. Mkungudza wa ku Mulanje ndinasiyiratu, mtengo wa fuko lathu uja watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Amene thumba lake ndi lopepuka ndimamuuza zoona: paini wa ku Chikangawa, akauma bwino, amatulutsa shelefu yooneka bwino, bola tisamunamizire kuti ndi mbawa.

Pomaliza ndi pamene ndimakangana ndi anthu. Vanishi wonyezimira amalasa m'maso, babu likayaka nyumba yonse imangoti waliwali. Ine ndimakwecha ndi sandipepa wa 80, kenako 120, kenako 220. Ndimapukuta ndi kansalu konyowa kuti tiubweya ta thabwa tidzuke, likauma n'kukwechanso. Ndiye mafuta a linseed pang'onopang'ono, otsala pamwamba ndikupukuta, ndipo pamapeto phula la njuchi. Nsanza za mafutazo musaziunjike pamodzi, zimatha kuyaka zokha, ziyanikeni panja. Tebulo lotere mwana akalikanda ndi supuni, mumangokwecha pamalopo n'kupakanso. Lavanishi mpaka kupala lonse. Ngodya ndimazikwecha zikhale zobulungira chifukwa cha mitu ya ana, ndipo banja lililonse ndimaliumiriza bokosi lachivundikiro losungiramo zidole ndi mabuku, chifukwa chimasokoneza pabalaza n'timakatundu tosowa pokhala.

Zotsalazo si za kalipentala, koma ndimanenabe: mkeka pansi, mpando umodzi kapena iwiri yansungwi, mtsuko wa ku Dedza pakona, babu la kuwala kwachikasu osati loyera la kuchipatala lija. Chovuta ndi achibale. Apongozi akangoti, "Kodi katundu simunagulebe?" mawa lake kasitomala uja wabwerera kudzafuna disipule yofika kudenga, ndiponso aifuna Loweruka lomweli, dipoziti sanapereke.

Inu amene mukufuna nyumba ya bata, musagule zonse mwezi umodzi. Yambani ndi tebulo lodyera. Mufunseni mmisiri wanu kuti thabwalo linachekedwa liti, akuonetseni pamene amaumitsira, ndipo akakuuzani kuti mudikire miyezi iwiri, dikirani.