Katundu wa anthu pansi pa TV yanga

Foni yanga itabedwa mu taxi kuno ku Johannesburg mu 2022, chomwe ndinalirira ndi mavoisi a bambo anga. Munali mauthenga awo a pa WhatsApp a miyezi yomaliza asanamwalire, ena akungondifunsa ngati ndadya. Backup ndinali nditazimitsa ndekha poopa kutha kwa data. Palibe woti ndimuloze chala.

Chaka chotsatira ndinagula kabokosi ka Synology kogwiritsidwa kale ntchito. Anthu amati NAS: kakompyuta kopanda sikirini, kolumikizidwa ku rauta, ntchito yake kusunga mafailo basi. Ndinaikamo ma hard disk awiri a 4 TB, imodzi ikukopera zonse za inzake kuti ina ikafa, ina itsale. Koma zithunzi ndi mavidiyo onse a kwathu sizinakwane ndi 300 GB yomwe. Malo ena onsewo anali kungokhala, magetsi akudyeka.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiuza za Storj. Umabwereketsa malo otsala pa disk yako, iwo n'kumakulipira pamwezi. Failo ya kasitomala imatsekedwa kaye ndi encryption, kenako imaduladulidwa zidutswa (nthawi imeneyo zinali 80) zomwe zimamwazidwa m'makompyuta a anthu m'maiko osiyanasiyana. Zidutswa 29 zilizonse zikapezeka, failo yonse inkabwerera. Iwe umasunga zidutswa zokha, ndipo sungazitsegule ngakhale utafuna.

Pulogalamuyo, yomwe amati node, ndinaiyendetsa mu Docker. Pa DSM 7.2 ya Synology amaitcha Container Manager. Container ili ngati chipinda cha lendi cha kuseri kwa nyumba: wolowamo amaona zokhazo zimene wamupatsa. Ndinapanga foda yakeyake ya node, zithunzi za amayi zili kwina komwe siingafike. Pamenepo mtima unakhala pansi.

Choyamba chinali kupanga identity, failo yomwe imakhala ngati chiphaso cha node. Laputopu yanga inalira usiku wonse ikuwerengera, fani ikufuula ngati ndege. Chiphasochi chikatayika, node yatha, ngakhale katundu yense akadalipo. Ndinachikopera pa flash n'kuiika m'envelopu yomwe mumakhala pasipoti. Kenako ndinatsegula port 28967 pa rauta, TCP ndi UDP, kuti anthu akunja azitha kugogoda pakhomo. Polemba lamulo la docker run ndinagwiritsa ntchito --mount m'malo mwa -v, chifukwa -v ikapanda kupeza foda yako imangopanga ina yopanda kanthu, node n'kudzuka ngati yataya zonse.

Nditatsegula dashboard pa port 14002 n'kuona mawu oti ONLINE, ndinavina ndekha m'chipinda, eti.

Chimwemwe chinatha patangopita masiku anayi. Inali nthawi ija ya load shedding, magetsi akuzima kangapo patsiku. Atayaka, rauta inapatsa NAS adiresi ina, koma port ija inali kulozabe ku adiresi yakale. Anthu ankagogoda pakhomo lopanda munthu. Ndinazindikira patatha masiku awiri, nditaona imelo yoti node yanga ili offline.

Apa m'pamene ndinamvetsa zomwe ndinalowa. Makompyuta a Storj otchedwa satellite amakufunsa nthawi iliyonse kuti uonetse kachidutswa kena komwe unapatsidwa. Ukasowa nthawi yaitali amasiya kukupatsa katundu watsopano. Ukataya zomwe unasunga amakuchotsa, ndipo subwereranso ndi chiphaso chomwecho. Miyezi itatu yoyamba amagwira 75% ya malipiro ako ngati chikole. Malipirowo ndi osakwana madola awiri pa TB imodzi pamwezi, ndipo disk imadzaza pang'onopang'ono. Ndinakhala ndi kalikyuleta: UPS yoti igwire rauta ndi NAS magetsi akazima inali yodula kuposa zomwe ndingapeze chaka chonse.

Lamulungu ndinaimbira amayi ku Dedza, n'kuwafotokozera mwachidule.

"Ndiye ukusunga katundu wa anthu osawadziwa?"

"Eya amayi, koma ndi wotseka. Sindingaone zili m'kati."

"Nanga uonerenji? Anthu akamapita ku Joni kwanuko samasiya matumba a chimanga kuno? Ine ndinamasulapo ndi limodzi lomwe? Chachikulu akabwera alipeze, osafumbwa."

Ndinawauza kuti ndikuganiza zongosiya, poti ndalama zake ndi zochepa. Anakhala chete pang'ono.

"Mwana wanga, kusiya si mlandu. Koma ukafuna kusiya, ubweze kaye za eni ake bwinobwino. Osangotseka chitseko n'kuthawa."

Amayi sadziwa Docker, koma zomwe ananenazo zilimo ndithu. Amati graceful exit, njira yotulukira mwaulemu kuti zomwe unasunga zisatayike. Vuto ndi loti node yatsopano ngati yanga inali isanaloledwe kuigwiritsa ntchito. Ndinali ndi zosankha ziwiri: kuthawa, kapena kukhala n'kuchita bwino.

Ndinagula UPS. Ndinauzanso rauta kuti adiresi ya NAS isamasinthe. Kunena zoona, sindinagulire anthu a zidutswa aja okha. Magetsi akazima mwadzidzidzi disk ikulemba, zomwe zingawonongeke ndi zonse, za eni ake ndi zanga zomwe. Anthu osawadziwa ndi amene anandikakamiza kusamala bwino zinthu za kwathu, zomwe ndekha ndikanangoti ndidzachita mawa.

Ndalama yoyamba itafika inangokwana buledi ndi mkaka. Kabokosi kadakali pansi pa TV, usiku kamamveka kakukhethemula pang'ono wina akamatenga failo yake, kaya ali dziko liti. Mu foda ina, yomwe node siifikako, muli mavoisi 212 a amayi. Laposachedwa ndi la dzulo, akufunsa ngati matumba a anthu aja akadali bwino.