Ndowa Ziwiri ndi Theka

Kwathu ndi ku Mulanje, m'tsinde mwa phiri, kumene mtsinje wa Likhubula umatsika ndi madzi ozizira. Chibadwire changa ndinali ndisanamvepo munthu akuwerenga madzi. Timawerenga ndalama, timawerenga nkhuku, koma madzi ayi. Ine ndinakaphunzira kuwerenga madzi ndili wamkulu kale, m'dziko la eni ake.

Ndinali wosamalira maluwa panyumba ina ku Blantyre. Malipiro anali ochepa, ndipo mwana wanga wachisamba anali pafupi kulowa sekondale. Tsiku lina alamu anga amene anali ku Cape Town, m'dziko la South Africa, anandiimbira lamya nati, "Alamu, bwerani kuno. Nyumba ina ifuna munthu wodziwa maluwa, ndipo malipiro ake aposa anuwo kanayi." Usiku umenewo sindinaone tulo. Agogo anga anapita kumigodi ya ku Joni m'masiku a Wenela nabwerako ndi njinga. Ine ndinati ndidzabwerako ndi malata ndi fizi ya mwana. Amayi akunyumba anandifunsa funso limodzi lokha: "Bambo, nanga chipinda kumeneko amalipira zingati?" Ndinangoseka, pakuti ndinali ndisanafunse.

Ndinanyamuka m'mwezi wa Marichi chaka cha 2017. Basi inadzera ku Mwanza, inaoloka Zambezi pa Tete, inapyola dziko la Zimbabwe mpaka pa Beitbridge, nkufika ku Johannesburg. Kuchokera pamenepo panatsalanso mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400. Nditaona phiri la Table Mountain litafunda mtambo monga lichitira lakwathu, mtima wanga unakhala pansi. Ndinati mumtima, "Pali phiri pali madzi."

Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwezi woyamba utatha ndinalandiradi ndalama zimene dzanja langa linali lisanagwirepo. Tsono ndinayamba kugawa. Mwini chipinda chamalata ku Philippi anatenga gawo lake. Minibasi yopita kuntchito ku Constantia inatenga lake tsiku ndi tsiku. Magetsi, ufa, ndiwo ndi bulangeti zinatenganso. Kwathu masamba a nyemba timangothyola kuseri kwa nyumba, koma kumeneko ngakhale tsabola ndi wogula. Zotsala zinali zochepa ndithu kusiyana ndi zimene ndinawerengera ndili ku Blantyre. Pamenepo ndinakumbukira funso la amayi aja.

Nyerere yaikulu inali chilala. Mvula ya ku Cape Town siigwa nthawi imodzi ndi yathu. Imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Madzi ake amasungidwa m'madamu aakulu 6, ndipo lalikulu koposa ndi Theewaterskloof. Pa nthawiyo anthu pafupifupi 4 miliyoni anali kumwa madzi amenewo. M'zaka za 2015, 2016 ndi 2017 mvula inachepa motsatizana, madamu nayamba kuphwa. Nyanja ili pomwepo, yaikulu yosaoneka tsidya, koma madzi ake ndi amchere. Samweka, ndipo sathirira mbewu.

M'mwezi wa Juni 2017 akuluakulu a mzinda analetsa kuthirira maluwa ndi kutsuka galimoto ndi madzi apampopi. Taganizani, anzanga: munthu wayenda ulendo wonsewo kukathirira maluwa, ndiye lamulo liletsa kuthirira! Kapinga anauma nasanduka wofiira. Pa 1 Febuluwale 2018 lamulo linakhwima: munthu aliyense aziwononga malita 50 okha pa tsiku. Ndowa yathu yaikulu imalowa malita 20. Tsono malita 50 ndi ndowa ziwiri ndi theka. M'menemo munthu amwe, aphike, asambe, achape, natsukenso chimbudzi. Analengezanso za tsiku limene analitcha Day Zero, ndilo tsiku lodzatseka mipopi ya m'nyumba zambiri. Nthawi ina anati lidzakhala pa 12 Epulo. Likadzafika, anthu azikaima pamzere m'malo 200 kukalandira malita 25 aliyense.

Sabata lomwelo adona anandiitana pakhonde. Analankhula mwaulemu, koma mawu ake anali olemera. Anati popeza kapinga wafa, ndizibwera masiku awiri okha pa sabata m'malo mwa asanu. Mwini chipinda sanachepetse lendi chifukwa cha chilala. Mwezi umenewo sindinatumize kanthu kumudzi, ndipo mwana anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Amayi akunyumba anagulitsa mbuzi ziwiri kuti abwerere m'kalasi. Sananditonze ngakhale ndi liwu limodzi, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa mawu.

Chimene chinandipulumutsa ndi nzeru ya kudimba la amayi anga ondibala. Panyumba ya adona panali mitengo ya mandimu ndi maluwa ena amene iwo anali kuwakonda kwambiri, ndipo anayamba kufota. Ndinapempha kuti aliyense posamba aziimirira m'beseni, ndi kuti madzi otsukuluzira zovala asatayidwe. Ndinakumba mabeseni ozungulira mitengo, ndinaphimbira ndi udzu wouma ndi masamba, ndipo ndinathirira madzulo okha dzuwa litapepa. Masiku ena ndinali kulawira mbandakucha kupita kukasupe wa ku Newlands ndi zigubu. Kumeneko ndinaona zodabwitsa: mabwana agalimoto zonyezimira ali pamzere umodzi ndi ife, aliyense chigubu m'manja. Zimene iwo anali kuphunzira ndi thukuta, ife a m'zisakasa tinali kuzichita kale, pakuti mpopi wathu unali umodzi wa mabanja ambiri.

Mandimu aja sanafe. Anzawo a adona ataona, anayamba kundiitana m'nyumba zawo, ndipo masiku anga anakwananso asanu. Mzinda nawonso unapulumuka. Anthu anachepetsa madzi owononga pa tsiku kuchoka pa malita oposa 1 biliyoni kufika pa theka lake. Alimi a zipatso a ku Grabouw anatsegulira mzinda madzi a m'madamu awo. Kenaka mvula inagwa bwino m'nyengo yozizira ya 2018, ndipo Day Zero sinafike. Pofika chaka cha 2020 madamu anadzazanso.

Ine ndinabwerera kwathu kumapeto kwa 2019. Malata ndinagula, koma a zipinda ziwiri zokha. Mbuzi zija ndinabweza. Mwana anamaliza sukulu yake. Sindinganene kuti ulendowo unali wachabe, komanso sindinganene kuti unali monga ndinaulotera.

Tsono, anzanga, sindikuletsa munthu kupita kumene kuli malipiro abwino. Koma musananyamuke, tengani pensulo ndi pepala, popeza tsopano mwadziwa kulemba. Lembani malipiro pamwamba. M'munsi mwake lembani lendi, ulendo wa kuntchito, chakudya, magetsi ndi madzi, ndipo muchotsere. Chotsalacho ndicho malipiro anu enieni. Mufunsenso kuti ntchitoyo yatsamira pa chiyani, pakuti yanga inatsamira pa mvula ine osadziwa. Ndipo akakufunsani funso a m'nyumba mwanu, musaseke.

Lero ndikapita ku Likhubula ndimatunga ndowa yanga mosamala, osataya. Ana amandiseka, amati agogo amawerenga madzi. Ndimawayankha kuti inde, ndinawaphunzira mtengo wake.