Za Mtchona Wina wa Mpira

Pamene ndinali mwana, kwathu kunali dzina limene akulu ankalitchula motsitsa mawu, ndilo lakuti mtchona. Malume anga anali mtchona. Anapita ku Halale kukafuna ntchito, nakwatira komweko, ndipo ife otsala tinawaweruza kuti ataya mtundu wawo. Ine ndinakula nacho chiweruzo chimenecho, osachifunsa, kufikira nditawerenga mbiri ya munthu wina wa mpira, dzina lake Ferenc Puskás.

Munthuyu anabadwira mumzinda wa Budapest, m'dziko la Hungary, m'chaka cha 1927. Anali wamfupi ndi wojintcha, wosewera kutsogolo, ndipo mphamvu yake yonse inali m'mwendo wamanzere. Koma mwendo umodziwo unagoletsera dziko lake zigoli 84 m'masewera 85. M'chaka cha 1953 iye ndi anzake anakagonjetsa Angerezi pakhomo pawo penipeni, pa bwalo la Wembley, zigoli 6 kwa 3.

Tsono m'chaka cha 1956 anthu a ku Hungary anaukira boma lawo, ndipo asilikali a Soviet Union analowa ndi akasinja, nathetsa kuukirako ndi mwazi. Puskás anali kunja kwa dziko ndi timu yake ya Honvéd, ndipo sanabwerere. Popeza timuyo inali ya asilikali, iyenso ali ndi udindo wa usilikali, kwawo anamuyesa wothawa, ndipo akulu a mpira anamletsa kusewera. Anakhala pafupifupi zaka ziwiri osagwira ntchito yake, nanenepa, ndipo ambiri anati watha. Komabe timu ya Real Madrid ya ku Spain inamtenga mu 1958, ali ndi zaka 31. Mu 1960, mumzinda wa Glasgow, polimbirana chikho cha ku Ulaya, Real Madrid inagonjetsa Eintracht Frankfurt 7 kwa 3, ndipo zinayi mwa zigolizo anagoletsa ndi wotha uja.

Apa mpamene mtima wanga umaima. Puskás analandira unzika wa dziko la Spain, navala malaya a dzikolo m'masewera anayi, ena mwa iwo pa mpikisano wa dziko lonse ku Chile mu 1962, koma sanagoletse ngakhale chimodzi. Sindinena kuti mwendo unakana chifukwa cha kukumbuka kwawo, pakuti anali ndi zaka 35, ndipo miyendo imakalamba msanga kuposa mwini wake. Koma ndimalephera kuleka kuziika pamodzi ziwerengero ziwirizo. Kodi munthu wotere tinene kuti anataya mtundu? Akadabwerera mu 1956, ndani akadamtchinjiriza? Ife a kumudzi timafulumira kunena kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma mwambiwo sutiuza chochita pamene njokayo yalowa m'nyumba.

Ataleka kusewera mu 1966 anasanduka mphunzitsi, nayendayenda ngati wosowa pokhazika mphasa: ku Canada, ku Chile, ku Paraguay, ngakhale kuno ku Africa, m'dziko la Egypt. Ntchito yake yaikulu anaichita ku Greece, kumene anatsogolera timu ya Panathinaikos kufikira masewera otsiriza a chikho cha ku Ulaya mu 1971, pa Wembley pomwe paja. Anagonja kwa Ajax 2 kwa 0, koma panalibe timu ya Agiriki imene inafikapo pamenepo. Mu 1991 anapambana chikho cha ku Australia ndi South Melbourne, timu imene anaiyambitsa Agiriki osamukira kumeneko, kotero kuti mtchona ankaphunzitsa mpira pakati pa matchona anzake.

Kwawo anakapondako mu 1981, patapita zaka 25, ndipo mu 1993 anaphunzitsa timu ya dziko la Hungary m'masewera anayi. Atamwalira mu 2006, anthu a mtundu wake, amene boma lawo linamutcha wothawa, anamuika m'tchalitchi chachikulu cha Stefano Woyera mu Budapest.

Malume anga anagona ku Halale. Kalata ya maliro awo inatipeza tikukolola chimanga, ndipo pa ife tonse panalibe amene ananyamuka kukaona pamene anawaika, ngakhale ine.