Kalata Yonyenga ya m'Magazi

Ife amene tigwira nchito ya ukalaliki tidziwa kuopsa kwace kwa kalata ya cidindo conama: wosunga katundu aimvera, natulutsa cuma kosafunsa. Zotere zicitikanso m'thupi la munthu.

M'khosi mwathu muli tinthu tinai, tating'ono ngati njere za mpunga, tochedwa parathyroid. Timeneti titumiza mthenga m'magazi, amene madotolo amucha homoni, kukauza mafupa kuti atulutseko kashiamu, ndiye mcere wolimbitsa mafupa, pamene magazi amsowa. Koma khansa zina, makamaka za m'mapapo, za kummero, za impso ndi za bele, zipanga mthenga wao-wao wofanana naye. Mafupa amvera, nakhuthula kashiamu kosalekeza. Impso nazo zimbweza m'magazi m'malo momtaya. Dr. Fuller Albright wa ku Boston anaganizira ici m'caka ca 1941, koma homoni yonyengayo, yochedwa PTHrP, inapezeka m'caka ca 1987.

Pa muyeso wa madotolo, kashiamu wa munthu wangwiro akhala pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol pa lita imodzi ya magazi. Akapitirira, wodwala amva ludzu losatha, akodza kawirikawiri, adzimbidwa, acita nseru, ndipo potsiriza mutu usokonezeka.

Ndinaziona izi pa amalume anga, amene anadwala khansa ya m'mapapo. Atayamba kubwebweta ndi kuiwala maina a ana ao, acibale ananong'onezana kuti awalodza, ndipo ena analoza cala akazi ao. Ku cipatala anawapima magazi, nawaika madzi m'mitsempha kuti kashiamu atsukike, pamodzi ndi mankhwala oletsa kusungunuka kwa mafupa, ochedwa zoledronic acid. Patapita masiku ocepa nzeru zinabwerera. Khansa siinacoke, ndipo anamwalira dzinja lomwelo. Koma asanatisiye analongosola za munda ndi ng'ombe, nayeretsa dzina la akazi ao pamaso pa onse.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ndinu amene makolo adzayang'ana kwa inu pa nthawi yotere. Mukaona wodwala khansa ayamba kumwa madzi kosakhuta, kuwodzera usana ndi kulankhula zosokonezeka, musacedwe ndi maula. Pemphani dotolo apime kashiamu. Mankhwalawo sacotsa khansa, pakuti mlembi wa kalata yonyengayo akali momwemo. Koma masiku owerengeka a nzeru zabwino angathe kulanditsa banja ku cidani ca zaka zambiri.