Labotale ya pakhonde: phunziro lochokera kwa mnyamata wa ku Masitala

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli mwana amene sakhutira ndi kungomvera wailesi. Iye amafuna kuona chimene chili m'kati mwake. Amatola mabatire otha mphamvu, mawaya otayidwa ndi zitsulo zadzimbiri n'kumaziunjika kuseri kwa nkhokwe. Makolo ena amamukalipira kuti akudzaza zinyalala pakhomo, pomwe ena amangomuleka osafunsa n'komwe chimene akuchita. Njira ziwiri zonsezi zili ndi vuto. Kukalipira kumapha luso likadali mmera, ndipo kulekerera kungathe kuotcha nyumba kapena kupundula mwanayo. Mwana wotere amasowa munthu wamkulu wodziwa kusiyanitsa zinthu zitatu: zipangizo zimene munthu angadzipangire, zimene ayenera kugula, ndi zimene sayenera kuzikhudza n'komwe.

Mbiri ya William Kamkwamba ikuonetsa bwino kusiyana kumeneku. Iye adabadwa m'chaka cha 1987 ndipo adakulira m'mudzi wa Masitala, kufupi ndi Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itasautsa dziko la Malawi, makolo ake, omwe adali alimi a chimanga ndi fodya, adalephera kumulipirira fizi ya kusekondale yomwe inkakwana pafupifupi madola 80 a ku America pachaka. Atasiya sukulu adayamba kubwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko adapeza buku lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake padali chithunzi cha makina opanga magetsi kuchokera kumphepo. Chingerezi chidali chomuvuta, choncho adadalira kwambiri zithunzi za m'mabukumo.

M'chaka cha 2002 mnyamatayu adaimika nsanja ya mitengo ya bulugama yotalika pafupifupi mamita 5. Pamwamba pake adamangirirapo njinga yakale, fani ya thirakitala yomwe adatola pamalo otayirapo zitsulo, ndi mapiko odulidwa kuchokera ku mapaipi apulasitiki amene adawawamba pamoto n'kuwaphwatalitsa. Mphepo ikaomba, mapikowo ankazunguza gudumu la njinga, gudumulo n'kumazunguza dayinamo, ndipo babu inkayaka. Popeza adalibe makina oboolera, ankatenthetsa msomali pamoto ataubaya pachitsononkho kuti asapse dzanja. Zitsekerero za mabotolo zosulidwa ndizo zinkathandiza kuthinitsa mabawuti. Maswichi adawapanga ndi labala wa mapatapata ndi masipoko a njinga. Anthu ambiri odutsa ankati mwanayo wagwidwa misala.

Anthu akamasimba nkhaniyi amakonda kuthamangira kumapeto kwake. Nyuzipepala ya Daily Times idalemba za iye mu 2006, adakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, buku la The Boy Who Harnessed the Wind lomwe adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer lidatuluka mu 2009, adamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014, ndipo kanema wa mbiri yake adatuluka mu 2019. Komatu kwa mlimi ndi mlangizi, phindu lalikulu lili m'kati mwa nkhaniyi. Asadamange nsanja ija, Kamkwamba adayamba wayesa kaye ndi kamakina kakang'ono kozunguza kamota kochotsedwa m'wailesi ya kaseti. Dayinamo sadathe kuipanga, ndipo idachita kugulidwa ndi thandizo la mnzake. Atazindikira kuti mawaya akakhudzana angayatse denga la udzu, adapanga kachipangizo kodula magetsi pangozi, pogwiritsa ntchito misomali iwiri yokulungidwa ndi waya ndi maginito ochokera m'sipika. Mwana wosauka chonchi adaona kuti chitetezo sichidikira kuti munthu ayambe walemera.

Zimene munthu angadzipangire

Sayansi ya pakhomo imayamba ndi funso, ndipo mafunso ambiri a mlimi safuna magetsi. Funso loyamba n'lakuti mvula yagwa yochuluka bwanji. Chitini cha m'mbali mowongoka, chomwe kukamwa kwake n'kofanana ndi pansi pake, chikaikidwa poyera kutali ndi mitengo ndi madenga chimayankha funsoli. Kuya kwa madzi poyeza ndi rula ndiko kuchuluka kwa mvula, ndipo milimita imodzi ikutanthauza lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Woyeza aziwerenga nthawi yofanana m'mawa uliwonse, kulemba, kenaka n'kukhuthula madziwo. Banja lochita zimenezi silitaya mbewu pothamangira kubzala ndi chizimalupsa.

Mbewu nayo imayezedwa isadalowe m'nthaka. Njere 100 za chimanga zotengedwa m'malo osiyanasiyana a thumba zimayalidwa pachiguduli chonyowa, chomwe chimakulungidwa ndi kusungidwa pamthunzi chisaume. Pakatha masiku 7 amawerenga zimene zamera. Zikamera 90, mlimi angabzale ndi mtima umodzi. Zikamera 60, wadziwiratu kuti munda udzakhala wa mipata, ndipo ali ndi nthawi yofuna mbewu ina.

Pokolola, botolo lagalasi louma ndi mchere woumitsidwa bwino zimauza ngati chimanga chauma mokwanira. Chimanga chimathiridwa m'botolo kufika gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kuonjezamo masupuni awiri kapena atatu a mchere. Amatseka, kukhutchumula kwa mphindi imodzi, kudikira mphindi 15 n'kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chinyezi chikadali choposa pafupifupi 15 pa 100 aliwonse, ndipo chimanga chotere chikaikidwa m'matumba chimachita chuku.

Botolo lomwelo limaonetsa mtundu wa dothi la m'munda. Dothi likasakanizidwa ndi madzi n'kukhutchumulidwa, mchenga umakhazikika pansi m'mphindi imodzi yokha, dothi losalala ngati ufa limatsatira pakapita maola angapo, pomwe dongo limatenga tsiku limodzi kapena awiri. Rula imaonetsa kukula kwa gawo lililonse. Madzi ofiira owiritsamo chidede nawo amaphunzitsa ana kusiyanitsa zinthu za asidi ndi zotsutsana nazo: akathiramo ndimu amafiira kwambiri, akathiramo madzi a phulusa kapena soda amada n'kuyamba kubiriwira.

Ngakhale sikelo ingathe kupangidwa. Mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi. Choncho sirinji yatsopano yopanda singano, kamtengo kowongoka komangidwa ulusi pakati, ndi makapu awiri ofanana zimakwana kuyeza kulemera kwa tinthu ting'onoting'ono. Chinthucho chimaikidwa m'kapu imodzi, madzi n'kumathiridwa mu inayo mpaka kamtengo katalingana.

Zipangizo zoterezi zili ndi malire ake. Chidede chimangoonetsa mbali imene chinthu chapendekera, sichitchula nambala. Mlimi wofuna kudziwa kuchuluka kwa laimu wothira m'munda ayenera kutumiza dothi lake kumalo a kafukufuku wa ulimi monga Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo kapena Mount Makulu ku Zambia. Kudziwa pamene chipangizo chodzipangira chalekezera ndi mbali ya sayansi yomweyo.

Zimene ziyenera kugulidwa

Pankhani ya magetsi, ndalama yoyamba iyenera kupita ku kachipangizo koyezera kotchedwa multimeter, komwe kamapezeka m'masitolo a zamagetsi m'matauni. Magetsi saoneka ndi maso, ndipo wogwira ntchito popanda choyezera ali ngati munthu woyenda usiku wopanda nyali. Kachipangizoka kamauza ngati batire ili ndi mphamvu, ngati waya waduka m'kati, ndiponso ngati sola ikutulutsadi magetsi. Batire ya tochi yatsopano imaonetsa mavolti 1.5, tchaja wamba ya foni imatulutsa mavolti 5, pomwe batire ya galimoto yodzaza bwino imaonetsa pafupifupi mavolti 12.6 ikapuma. Ikatsika kufika pa 12 ndiye kuti yatha kwambiri, ndipo kupitiriza kuigwiritsa ntchito kumaifupikitsa moyo. Woyeza asamale chinthu chimodzi: multimeter ikatcheredwa poyezera maampu, isalumikizidwe mwachindunji kumitu iwiri ya batire, chifukwa ipsa nthawi yomweyo.

Chachiwiri chogula ndi fyuzi. Ntchito yake n'kusungunuka magetsi akachuluka mopyola muyeso, kuti waya asatenthe. Imaikidwa pafupi kwambiri ndi mutu wa batire wa chizindikiro cha +. Kusankha kukula kwake sikovuta, pakuti mawati akagawidwa ndi mavolti amapereka maampu. Babu ya mawati 6 pabatire ya mavolti 12 imakoka theka la ampu, choncho mababu anayi amakoka maampu 2, ndipo fyuzi ya maampu 3 ndi yokwanira. Fyuzi ikapsa imakhala ikunena kuti penapake pali vuto. Amene amaika waya wamba kapena pepala lonyezimira m'malo mwake wachotsa mlonda pakhomo usiku.

Chachitatu ndi waya wokutidwa bwino pamodzi ndi tepi yokutira polumikiza. Waya wochepa thupi ukanyamula magetsi ochuluka umatentha, ndipo pansi pa denga la udzu kutentha kumeneko ndi chiyambi cha moto. Tizipangizo tina ting'onoting'ono tingachotsedwe m'mawailesi akufa. Mwachitsanzo, dayinamo ya njinga imatulutsa magetsi opita uku ndi uku mosinthasintha, pomwe batire imalandira magetsi oyenda njira imodzi. Kachipangizo kotchedwa diode kamalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, ndipo Kamkwamba adafunika kameneka kuti makina ake azitchaja batire. Nako kababu ka LED kamafuna resistor yochepetsa magetsi, apo ayi kamapsa pakuphethira kwa diso kakalumikizidwa ku mavolti 12.

Zimene siziyenera kukhudzidwa

Magetsi a m'nyumba ochokera ku ESCOM, ZESCO kapena EDM ndi a mavolti apakati pa 220 ndi 240. Amenewa amapha, makamaka munthu akaponda pansi ponyowa wopanda nsapato. Sayenera kulowa m'zoyesayesa za pakhomo ngakhale kamodzi, ndipo ntchito yake ndi ya amisiri ovomerezeka. Chimodzimodzinso mbali ya inverter yomwe imatulutsa magetsi oyendetsera wailesi ya kanema kapena firiji: ngakhale gwero lake ndi batire ya mavolti 12, zotuluka zake n'zoopsa ngati za m'khoma. Mawailesi a kanema akale aja a chimimba kumbuyo amasunga magetsi amphamvu m'kati ngakhale atazimitsidwa, choncho mwana asawatsegule pofuna tizipangizo.

Batire ya galimoto siigwedeza munthu akaikhudza ndi dzanja louma, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaipeputsa. Koma sipanala ikagwera pamitu yake iwiri, mumadutsa maampu mazanamazana ndipo chitsulocho chimafiira. M'kati mwake muli asidi woononga maso ndi khungu, komanso ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umaphulika ukakumana ndi moto. Malo ake ndi podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, kandulo ndi ndudu. Mabatire a foni ndi a laputopu akatupa, akabooka kapena akatenthedwa amayaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo sayenera kung'ambidwa.

Pa mankhwala lamulo n'limodzi. Chiwiya chimene chalowa m'zoyesayesa chisabwererenso kukhitchini, ndipo botolo lililonse lilembedwe dzina la zimene zili m'kati. Mankhwala ophera tizilombo, palafini kapena asidi zisathiridwe m'botolo la chakumwa, pakuti mwana wamng'ono amadziwa botolo, sadziwa kuwerenga. Galasi wamba limasweka likaikidwa pamoto, choncho chofuna kutenthetsedwa chiikidwe m'chitini.

Udindo wa akuluakulu

Chipangizo chotsika mtengo kuposa zonse ndi kope ndi pensulo. M'menemo mumalembedwa tsiku, chimene chayesedwa ndi chimene chaoneka, ngakhale zitakanika. Woyesa asinthe chinthu chimodzi panthawi imodzi. Mlimi wofuna kudziwa ngati manyowa akuthandiza abzale mizere iwiri yoyandikana, mbewu yofanana, tsiku lomwelo, wina wothira manyowa wina wosathira. Akasintha mbewu, tsiku ndi manyowa pamodzi, sadzadziwa chimene chabweretsa kusiyana.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma mwana amafunsa pokhapokha pali womuyankha. Alangizi a zaulimi, aphunzitsi ndi atsogoleri a makalabu angathe kusonkha kabokosi kamodzi ka gulu: multimeter, mafyuzi angapo, waya wokutidwa, tepi, rula, sirinji, magalasi oteteza maso ndi kope. Mtengo wake gulu lingaukwanitse pomwe banja limodzi lingalephere. Kabokosiko kazisungidwa ndi munthu wamkulu, ndipo atsikana azikagwiritsa ntchito mofanana ndi anyamata, pakuti kawirikawiri iwo amatumidwa kumadzi ndi kunkhuni panthawi imene alongo awo akumasula mawailesi.

Ana ambiri otola mawaya sadzalembedwa m'nyuzipepala ngati Kamkwamba. Ena adzakhala okonza masola pamsika, ena okonza mapampu othirira m'dimba, ndipo ena adzakhala alimi odziwa kuyeza mbewu asadabzale. Madera akumidzi akuwasowa onsewa. Mlangizi akapeza mwana ali kalikiliki ndi zitsulo zake kuseri kwa nkhokwe, akhale naye pansi, amufunse chimene akufuna kupanga, aone kumene magetsi ake akuchokera, ndipo asachoke asadaone kuti pawayapo pali fyuzi.