Mtengo wa Kobiri Wobowola

Shuga ali ndi mtengo wake, usipa uli ndi mbale yake yoyezera, koma ndalama yachitsulo yakale ilibe muyeso. Kobiri wobowola pakati uja, wa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, amene anayamba kusulidwa mu 1955, lero sangagule ngakhale machesi. Mtengo wake umatuluka pakamwa pa wogulitsa. N'chifukwa chake ine ndimayamba ndapima munthuyo ndisanapime ndalamayo.

Ndimatolera ndalamazi kuti ana a kumadrasa aone zimene agogo awo ankalandira akagulitsa chambo kwacha isanabwere mu 1971. Ndili ndi zitatu za 1964: sikisi wa tambala, sheleni ya chimanga, ndi ya masheleni awiri ya njovu.

Zonsezi ndinagula kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo zakale mumsika wa Ndirande. Iye amakusiya uitembenuze ndalamayo mpaka ukhutire, ndipo chilema amachiulula yekha: "Mwalimu, iyi chaka chake chafufutika, musandipatse zambiri." Kwa munthu wotere sindinenerera, nthawi zina ndimawonjezerapo ya tiyi.

Mnyamata wina ku Bangwe amazikwecha ndi phulusa ndi ndimu kuti ziwale, osadziwa kuti akuzipha nkhope. Kugwira salola. Amalumbira kuti m'kobiri muli golide, chonsecho ndi mkuwa. Anali ndi ya masheleni awiri ndi sikisi ya 1964, imene ndaifuna zaka zambiri, pamtengo wabwino ndithu. Ndinaisiya pamphasa pake pomwepo.